Kusintha mavoliyumu, toni ndi jaki pa gitala ya bezi

Gitala ya bezi ikayamba kulira khwekhwerere mukamapotokola voliyumu, kapena ikamangozima ndi kudzukanso yokha woyimba akangosuntha phazi, anthu ambiri amathamangira kunena kuti ampu (chokuzira mawu) yapsa kapena kuti pikapu (kachipangizo ka maginito kotola mawu a nsambo) yafa. Pa magitala amene ndakhala ndikutsegula kuno ku Dedza, ambiri mwa iwo a makwaya a m'matchalitchi ndi a mabandi oyimba pa maukwati, vuto limapezeka kawirikawiri m'tizipangizo ting'onoting'ono timene tili m'mphako ya gitalayo, pansi pa timitu topotokolera tija. Nyengo ya kuno nayo imawonjezera: nkhungu ya mu Juni ndi Julaye imalowetsa chinyezi m'zitsulo, ndipo fumbi la mu Okutobala limadzaza mphakoyo gitala ikamayenda pa lole kupita ku Linthipe kapena ku Bembeke popanda chikwama chake. Tizipangizoti munthu angathe kutisintha pakhomo madzulo amodzi, malinga akhale wodekha pa kuwotcherera ndi pa waya wa earth, wolumikiza zitsulo za gitala ku ampu kuti phokoso lichepe, chifukwa ntchito yonse imalimba kapena kugwa pa zinthu ziwiri zimenezi.

Zimene zili m'mphakomo

Magitala ambiri a bezi otsika mtengo amatengera kapangidwe ka magitala awiri a kampani ya Fender. Yoyamba ndi Precision Bass, imene inatuluka mu 1951, ndipo ili ndi voliyumu imodzi ndi toni imodzi. Yachiwiri ndi Jazz Bass ya mu 1960, imene ili ndi mapikapu awiri, ndipo masiku ano imakhala ndi mavoliyumu awiri ndi toni imodzi. Pansi pa kamutu kalikonse pali kachipangizo kozungulira kokhala ndi timiyendo titatu, kamene ogulitsa amati pot, ngakhale amisiri okonza mawailesi pamsika amangoti voliyumu. Pa pot ya toni pamakhala kapasita, imene ntchito yake ndi kutayira mawu osongoka ku earth kuti kutsale mawu onenepa. Kenaka pali jaki, polowetsa chingwe chopita ku ampu. Pomaliza pali waya umodzi wooneka ngati wopanda ntchito, umene umatuluka m'kabowo ka m'thabwa kuchokera pansi pa bridge, chitsulo chija chimene nsambo zimamangidwapo. Waya ameneyu ndiye amalumikiza nsambo ku earth, ndipo amene amamuiwala amabwereza ntchito.

Yambani mwatsimikiza kuti vuto lili m'gitala

Musanamasule sikuluwu iliyonse, bwerekani chingwe china ndi kuyesa gitalayo pa ampu ina, chifukwa zingwe zimaduka m'kati pafupi ndi mutu kawirikawiri kuposa mmene pot imafera. Chingwe chikakhala bwino, gwedezani mutu wake uli m'jaki. Mawu akamadukaduka, vuto ndi jaki: mwina kachitsulo kogwira nsonga ya chingwe kafooka, ndipo kukapindira m'kati pang'ono ndi pulaya kumakwanira. Khwekhwerere womveka pokhapokha mukamapotokola nthawi zina amatha mukapopera mankhwala otsukira zipangizo za magetsi m'kabowo kali pafupi ndi timiyendo ta pot, n'kupotokola uku ndi uku kangapo. Mafuta ophikira, palafini kapena oyilo wa makina osokera musathiremo, chifukwa amagwira fumbi ndipo pakangotha masabata ochepa pot imalira kuposa kale. Phokoso likabwereranso mutatsuka, ndiye kuti kanjira ka kaboni ka m'kati kadyeka, ndipo palibenso mankhwala ena koma kusintha.

Kugula zoyenera

Pano ndi pamene anthu ambiri amataya ndalama. Pa thupi la pot pamalembedwa chilembo ndi nambala, monga A250K kapena B500K. Nambalayo ndi kukula kwa mphamvu imene pot imakanira magetsi, ndipo pa bezi yopanda batire ya mtundu wa Precision kapena Jazz, yodziwika ndi 250K. Mukaika ya 500K gitala imalirabe, koma mawu amasongoka kwambiri, zimene ena amakonda pa mapikapu akuluakulu otchedwa humbucker. Ma pot a 10K kapena 50K amene amachotsedwa m'mawailesi akale musawaike pa bezi yopanda batire, ngakhale wogulitsa atanena kuti voliyumu ndi voliyumu basi, chifukwa amameza mawu ndipo gitala imamveka ngati yafunditsidwa bulangete. Pa ma pot ambiri opangidwa ku Asia, chilembo A chimatanthauza kuti mawu amakwera molingana ndi mmene khutu limamvera, pomwe B amakwera mofanana kuyambira poyambira mpaka pothera. Pa toni ine ndimaika A nthawi zonse, chifukwa B imachititsa kuti kusintha konse kwa mawu kuunjikane kumapeto kwenikweni. Kapasita yodziwika ndi ya 0.047 µF, imene kawirikawiri imalembedwa 473 pa thupi lake. Ya 0.1 µF, yolembedwa 104, imadula mawu osongoka kwambiri, ndipo imakondedwa ndi amene amafuna bezi yakuya.

Kukula kwa chitsulo nako n'kofunika. Ma pot a ku Asia amalowa m'bowo la mamilimita 7 kapena 8, pomwe a ku America a mtundu wa CTS amafuna bowo la pafupifupi mamilimita 9.5. Timano ta pa mtengo wopotokolera timasiyananso, moti kamutu kakale kangathe kukana kulowa pa pot yatsopano. Ngati ma pot anu amadutsa m'thabwa lenileni la gitala, osati pa pulasitiki kapena pa kachitsulo kaphanthiphanthi, mukufunika a khosi lalitali kuti nati ipeze pogwira. Ine ndinayendapo ulendo wa ku Lilongwe, makilomita oposa 80, n'kubwerako ndi ma pot atatu okongola amene khosi lake silinatulukire n'komwe kunja kwa thabwa. Kuchokera tsiku limenelo ndimachotsa pot imodzi yakale n'kuika m'thumba, kuti ndikaiyerekeze ndi yatsopano wogulitsa akuona.

Zida zofunika si zambiri: chitsulo chowotcherera cha magetsi cha mawati 30 kapena 40, mtovu wa zipangizo za magetsi wokhala ndi utomoni m'kati, multimeter (mita yoyezera magetsi), pulaya ya mlomo wosongoka, chodulira waya, sikuludiraiva, sipanala yaing'ono, sandipepa, waya wopyapyala wokutidwa wa mitundu iwiri, katoni ndi thaulo lakale. Mtovu wolembedwa 60/40 umasungunuka pa madigiri pafupifupi 190 ndipo ndi wosavuta kwa wophunzira. Asidi amene amisiri osula ndowa ndi zidebe amapaka asanawotcherere asafike pafupi ndi gitala. Amagwiritsa mtovu msanga, n'zoona, koma amapitiriza kudya waya pang'onopang'ono mpaka malo olumikiza asanduke obiriwira n'kuduka.

Kuchotsa zakale

Zulani chingwe ku gitala. Yalani bulangete pa tebulo, gonekani gitalayo, ndipo phimbani thupi lake ndi thaulo kusiya mphako yokha, chifukwa dontho limodzi la mtovu wotentha limaboola penti nthawi yomweyo. Timitu tina tili ndi kasikuluwu kam'mbali koyenera kumasula kaye. Tina timangozulidwa, ndipo njira yosakanda penti ndi kukulunga nsalu pansi pa kamutuko n'kukokera m'mwamba molunjika. Pa Jazz mumamasula masikuluwu atatu a kachitsulo konyamula ma pot. Pa Precision muyenera kumasula mbale yonse ya pulasitiki, ndipo ndi bwino kufewetsa nsambo kuti ituluke bwino. Magitala ena amatsegulidwa kumbuyo. Masikuluwu aikeni m'kapu.

Musanadule waya uliwonse, jambulani zithunzi ndi foni, zapafupi ndithu, kuchokera mbali zingapo, ndipo jambulaninso pa pepala ndi cholembera kusonyeza waya uliwonse kumene ukuchokera ndi kumene ukupita. Matani kachidutswa ka tepi pa mawaya a pikapu ya kukhosi, a pikapu ya ku bridge ndi pa waya wa bridge, n'kulembapo. Pa magitala a Fender waya woyera ndiye amanyamula mawu ndipo wakuda ndi earth, koma makampani ena ali ndi mitundu yawo, choncho khulupirirani chimene mwaona m'mphakomo. Mawaya a pikapu muwachotse powasungunula ndi chitsulo, osawadula, chifukwa ndi aafupi kale ndipo mudzawafuna onse.

Mapikapu ali paokha chonchi, ayezeni. Ikani multimeter pa 20K, khudzitsani nsonga zake pa mawaya awiri a pikapu imodzi. Ya mtundu wa Jazz imaonetsa pakati pa 6K ndi 9K, ya Precision pafupifupi 10K mpaka 12K. Mita ikaonetsa OL kapena 1 yekha kumanzere, waya wa m'kati mwa pikapu waduka, ndipo ma pot atsopano sangaidzutse.

Kukonzekera pa katoni

Kuwotcherera m'kati mwa mphako n'kovuta ndiponso n'koopsa kwa penti. Ngati ma pot amakhala m'thabwa, tengani katoni, boolani mabowo motengera mipata ya mabowo a pa gitala, mangani ma pot ndi jaki pamenepo, ndipo lumikizani zonse zimene zingatheke zili panja. Ngati amakhala pa kachitsulo kapena pa pulasitiki, amangeni pomwepo.

Tsopano pezani kamwendo kopita ku earth. Zojambula za pa intaneti zimasokoneza chifukwa zina zimaonetsa pot chakutsogolo, zina chakumbuyo, koma mita sinama. Potokolani pot mpaka kumapeto mobwerera kumanzere, monga mmene mumazimitsira wailesi. Khudzitsani nsonga imodzi ya mita pa kamwendo kapakati, inayo pa kamwendo kam'mbali. Kamene kaonetse pafupifupi ziro ndiko ka kumunsi. Kalembeni chizindikiro ndi cholembera. Kam'mbali kotsalako tikatche ka kumtunda. Chitani chimodzimodzi pa ma pot onse. Mukasemphanitsa timiyendo tiwiriti, voliyumu idzagwira chambuyo, kukwera pamene mukutsitsa.

Palani ndi sandipepa malo aang'ono kumbuyo kwa pot iliyonse mpaka chitsulo chiwale, chifukwa mtovu sugwira pa chitsulo chopakidwa. Pukutani nsonga ya chowotcherera pa nsalu yonyowa n'kuipaka mtovu pang'ono. Lamulo la kuwotcherera ndi lakuti mumatenthetsa chitsulo chimene mukufuna kulumikiza, kenaka mtovu umasungunukira pa chitsulocho, osati pa nsonga ya chowotcherera. Sendani waya aliyense mamilimita 4 kapena 5, potani tiulusi take pamodzi, ndi kumupaka mtovu asanafike pa kamwendo. Kumbuyo kwa pot pangani kadziwe kakang'ono ka mtovu poyamba, kenaka mudzangomiza mawaya m'menemo. Kumbuyoku kumafuna kutentha kochuluka, n'chifukwa chake chowotcherera chofooka cha mawati 15 chimawononga pot: mumachigwiritsa nthawi yaitali, mtovu osasungunuka bwino, kutentha kukulowa m'kati. Masekondi asanu akadutsa mtovu usanayenderere, chotsani, dikirani pot izizire, palaninso, yesaninso. Mukawotcherera pakhonde m'mawa wa mu Julaye mphepo ikuwomba kuchokera kuphiri, chitsulo chimazizira msanga ndipo mudzavutika chabe. Lowani m'nyumba, koma tsegulani zenera kuti utsi utuluke.

Malo olumikizidwa bwino ndi mtovu wa 60/40 amaoneka osalala ndi owala, mtovu utayenderera n'kukumbatira waya. Akaoneka ngati kambulu kotuwa kongokhala pamwamba, sanagwire, ngakhale mita itaonetsa kuti magetsi akudutsa lero. Waya asagwedezeke mtovu ukuuma, ndipo musauuzire ndi pakamwa. Ukazizira, kokani wayayo pang'ono. Ndi bwino atuluke panopa kusiyana ndi kudzatuluka pakati pa nyimbo ya chopereka.

Kulumikiza kwenikweni

Pa voliyumu iliyonse, pindani kamwendo ka kumunsi kuti kakhudze thupi la pot n'kukawotcherera pomwepo, kapena kalumikizeni ndi kawaya kakafupi.

Pa gitala ya voliyumu imodzi ndi toni imodzi, waya wa mawu wochokera ku pikapu umapita pa kamwendo ka kumtunda ka voliyumu. Kuchokera pa kamwendo kapakati, waya amapita ku jaki, pa kamwendo kolumikizana ndi nsonga ya chingwe. Kawaya kena kamachoka pa kamwendo ka kumtunda komwe kaja kupita pa kamwendo kapakati ka toni. Kapasita imakhala pakati pa kamwendo ka kumunsi ka toni ndi thupi la pot yomweyo, ndipo kamwendo ka kumtunda ka toni kamatsala kopanda kanthu. Powotcherera kapasita, gwirani mwendo wake ndi pulaya pakati pa thupi lake ndi malo mukutenthetsawo, kuti pulayayo imwe kutentha.

Pa gitala ya mavoliyumu awiri pali kusiyana kumodzi kumene kumagwetsa ngakhale amisiri a mawailesi. Waya wa mawu wa pikapu iliyonse umapita pa kamwendo kapakati ka voliyumu yake, osati ka kumtunda. Timiyendo ta kumtunda ta mavoliyumu awiriwo timalumikizidwa ndi waya mmodzi, amene amapitirira mpaka pa kamwendo kapakati ka toni ndi ku jaki. Chifukwa chake n'chakuti mukalumikiza monga pa Precision, kutsitsa voliyumu imodzi mpaka pansi kumatayira mawu a gitala yonse ku earth, ndipo woyimba sangathenso kusankha pikapu imodzi. Kapasita imaikidwa mofanana ndi poyamba paja.

Jaki ili ndi timiyendo tiwiri tofanana maonekedwe. Lowetsani chingwe, ndipo ndi mita pezani kamene kakulumikizana ndi nsonga ya mutu wa mbali inayo ya chingwecho. Kameneko ndi ka mawu, kotsalako ndi ka earth.

Earth iyenera kufika paliponse. Matupi a ma pot onse alumikizane ndi waya, ndipo kuchokera pa imodzi mwa izo waya apite pa kamwendo ka earth ka jaki. Pa Jazz kachitsulo kaja kamalumikiza kale matupiwo, koma ine ndimaikabe waya, chifukwa nati ikamasuka kapena dzimbiri likalowa pansi pa washa, kulumikizanako kumatha. Zonsezi zikatha, bweretsani katoni pafupi ndi gitala, wotchererani mawaya a mawu a mapikapu m'malo mwake, ndipo mawaya awo a earth pamodzi ndi waya wa bridge muwamize m'kadziwe ka kumbuyo kwa voliyumu. Ikani mita poyezera kulumikizana, nsonga imodzi pa nsambo, inayo pa nati ya jaki. Iyenera kulira kapena kuonetsa pafupifupi ziro. Ikakhala chete, fewetsani nsambo, masulani bridge, ndipo mudzapeza nsonga ya wayayo itamira m'penti kapena itachita dzimbiri. Isendeni mwatsopano, yalani tiulusi take pa thabwa, palani kunsi kwa bridge, ndi kumanganso.

Kuyesa musanatseke

Tsitsani voliyumu ya ampu, lowetsani chingwe, kwezani pang'ono, ndipo gogodani timaginito ta pikapu iliyonse mopepuka ndi nsonga ya sikuludiraiva. Muyenera kumva thi, thi pa sipika. Tsitsani voliyumu imodziimodzi kuti muone ngati iliyonse ikulamulira pikapu yake, ndipo potokolani toni kuti mumve kugogodako kukunenepa.

Kenaka mverani kung'ung'udza. Magetsi a m'Malawi ndi a mavolti 230 pa 50 Hz, ndipo pikapu imatola kamkokomo kake, makamaka pafupi ndi ampu, mababu aatali kapena jenereta. Kamkokomo kakachepa mukagwira nsambo, earth ili bwino. Kakapanda kusintha, waya wa bridge sanagwire. Kakakula kwambiri mukagwira nsambo kapena jaki, mwasemphanitsa mawaya awiri a pa jaki. Pa Jazz n'zachibadwa kuti pikapu imodzi payokha ing'ung'udze pang'ono n'kukhala chete mavoliyumu onse akakwezedwa mofanana, chifukwa mapikapu ake anakulungidwa mosemphana kuti azithetserana phokosolo. Ngati mavoliyumu onse ali pamwamba koma mawu aonda n'kusowa mphamvu, mawaya a pikapu imodzi atembenuzidwa, asinthanitseni.

Amene akufuna kuchepetsanso phokoso angamate tepi ya kopa m'mphako yonse n'kuilumikiza ku earth. Pepala la aluminiyamu la kukhitchini limathandizanso, koma mtovu sugwirapo, choncho waya wake umapanikizidwa ndi kasikuluwu. Onetsetsani kuti kamwendo kalikonse konyamula mawu sikakukhudza tepiyo, apo ayi gitala idzakhala duu mukangotseka.

Chenjezo limodzi silokhudza gitala yokha. Popeza nsambo zalumikizidwa ku earth ya ampu, ampu yowonongeka kapena yodulidwa phini ya earth pa pulagi ingathe kutumiza magetsi m'manja mwa woyimba, makamaka akagwira nsambo mlomo uli pa maikolofoni. Mukamva kunyerenyetsa m'zala, zimitsani zonse nthawi yomweyo ndipo ampuyo ndi mawaya a m'nyumbamo aonedwe ndi katswiri wa magetsi.

Za bezi ya batire

Gitala yokhala ndi batire la mavolti 9 ili ndi kachipangizo kokweza mawu m'kati, ndipo ma pot ake ndi a manambala ena. A mapikapu a kampani ya EMG, mwachitsanzo, ndi a 25K. Pa yotereyi tsatirani pepala limene labwera ndi zida zatsopanozo, ndipo yambani ndi kusintha batire, chifukwa batire lofooka limachititsa mawu kusweka ngati sipika yang'ambika. Jaki yake ili ndi timiyendo titatu. Waya wakuda wa batire umapita pa kamwendo kachitatuko, kuti batire liziyamba kugwira ntchito pokhapokha chingwe chikalowetsedwa. Mukamuika pa earth mwachindunji, batire lidzatha gitala ili m'chikwama, ndipo chimodzimodzinso woyimba akasiya chingwe chili chilowere kuyambira Lamulungu mpaka tsiku la pulakatisi.

Kutseka

Pindani mawaya mofatsa kuti asapanikizike pansi pa mbale kapena kubooledwa ndi sikuluwu. Washa wa timano amakhala m'kati, pakati pa pot ndi thabwa, ndipo washa wosalala amakhala kunja pansi pa nati. Pomanga nati ya jaki, gwirani jakiyo m'kati ndi dzanja linalo. Jaki zambiri zimene ndakonza zinafa chifukwa wina anazimanga ali kunja kokha, jaki n'kumazungulira mpaka mawaya kupotana n'kuduka. Masikuluwu a m'thabwa muwabwezere kumanzere pang'ono mpaka mumve agwera m'njira yawo yakale, kenaka mumange osalimbitsa mopitirira. Bowo likakhala lodyeka, lowetsanimo kamtengo ka machesi ndi kadontho ka guluu. Potokolani ma pot onse mpaka kumapeto musanaveke timitu, kuti zizindikiro zake ziloze kumodzi. Yesaninso pa ampu gitala itatsekedwa, mukuigwedeza ndi kugwedeza chingwe. Mukatha sambani m'manja ndi sopo musanakhudze nsima, chifukwa mtovu ndi poizoni, ndipo tinyenyeswa take tisesedwe ana asanalowe m'chipindamo. Ma pot akale amene akadali ndi moyo pamodzi ndi pepala lija mwajambulapo mawaya muziike m'kathumba ka m'chikwama cha gitalayo.